Ng'ombe ikatsimphina, mwini wake asatsimphine nayo

MALOWERA, Marávia — Mvula yoyamba ikagwa kuno kumpoto kwa boma la Marávia, mlimi aliyense amene ali ndi ng'ombe ziwiri ndi pulawo amasanduka munthu wofunika. M'mamawa ali m'munda mwake, dzuwa likakwera ali kwa mlamu wake, ndipo pakhomo pali kale anthu atatu odzapempha kuti mawa akawalimireko. Chimanga chimafuna kulowa m'nthaka ndi mvula yoyambirira, mbande za fodya nazo sizidikira munthu. Ndiye tsiku lina mbusa potsekula khola apeza ng'ombe imodzi yaima ndi miyendo itatu, wachinayi ikungougunditsa pansi ngati yaponda khala lamoto.

Nkhani yathu lero ndi ya munthu amene akawerame pansi pa ng'ombe imeneyo kuti aone chimene chalowa m'chiboda. Ng'ombe yangolo yokhwima, ya mtundu wathu uno wa linunda, imalemera makilogalamu 300 kapena kupitirira, ndiye kuti matumba 6 a chimanga a makilo 50 ataunjikidwa pamodzi. Kulemera konseko kukatsikira pa phazi la munthu wovala patapata, kapena kukamupanikiza ku nsichi ya khola, fupa silipirira. Ndipo tonse tikudziwa pamene Malowera ali. Ku Fingoé, likulu la boma lathu, si pafupi. Ku mzinda wa Tete, kumene kuli chipatala chachikulu cha chigawo, ndi ulendo wolawirira, komanso m'dzinja msewu umachita kusankha galimoto. Ena amaona chapafupi kuwoloka malire kupita ku Petauke kapena ku St Francis ku Katete, m'dziko la Zambia. Kulikonse kumene angapite, munthu wothyoka mwendo mu Disembala ndiye kuti chaka chimenecho walima ndi maso.

Pali chifukwa chimene luso logwira ng'ombe lidachepera m'midzi yathu. Chaka cha 1974 dziko la Moçambique lidali ndi ng'ombe zoposa miliyoni imodzi. Pamene nkhondo inkatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, zotsala sizinkakwana ndi 400,000 zomwe. Anthu ambiri a m'malire muno adathawira ku Zambia, ena n'kukakhala ku Ukwimi, kudera la Petauke, mpaka cha m'ma 1994. Madibi adagumuka, mipanda yogwiriramo ng'ombe idadyedwa ndi chiswe, ndipo ana a nthawi imeneyo adakula osaonapo atate awo akukweza mwendo wa ng'ombe. Ziweto zidabwerera, mwakuti lero Tete ndi chimodzi mwa zigawo zokhala ndi ng'ombe zambiri m'dziko muno. Koma ambiri amene adagula ng'ombe ndi ndalama za fodya adaphunzira kuzigwira mongoyesa.

Chimene chimatsimphinitsa

Akatswiri a ziweto amati pa ng'ombe 10 zotsimphina, pafupifupi 9 vuto lake limakhala kuchiboda, osati m'chiuno kapena m'phewa m'mene ena amathamangira kuotcha ndi chitsulo chamoto. Chiboda cha ng'ombe ndi chogawika pawiri, ndipo pakati pa zala ziwirizo pali khungu lofewa. Pamenepo ndi pamene pamalowa munga, kamwala, kachitsa ka m'munda watsopano, msomali kapena waya. Nkhupakupa za milomo italiitali, makamaka zija zamawangamawanga, zimakondanso kubisala pomwepo, ndipo bala limene zimasiya limachita mafinya, ntchentche n'kuikiramo mphutsi.

Koma mdani wamkulu wa m'dzinja ndi kuola kwa ziboda. Kachirombo kake, kamene madokotala amakatcha Fusobacterium necrophorum, kamakhala m'ndowe momwemo. Khungu louma ndi lolimba sikangaliboole. Ng'ombe ikaima usiku wonse m'matope ofika m'mawondo, khungu lija limafewa ngati manja a munthu amene wachapa tsiku lonse, kamwala kakang'ono n'kulicheka, kachirombo n'kupeza khomo. Pakapita masiku angapo phazi latupa mbali zonse ziwiri, zala zatalikirana, ng'ombe yatentha thupi ndipo yasiya kudya. Fungo lake amene adalimvapo kamodzi salisokoneza ndi lina.

Tsono tiyeni tinene zoona, alimi anzanga: makola athu ambiri mu Januwale ndi maiwe a ndowe. Timati tikusunga manyowa. Manyowa amasungika bwino ataunjikidwa kunja kwa khola. Khola lomangidwa pamalo otsetsereka pang'ono, lokhala ndi ngalande kumtunda kwake yopatutsa madzi, mbali imodzi itafoleredwa ndi udzu, limakhala ndi pouma poti ng'ombe ziimepo. Amene angathe amange lachiwiri, kuti lina likachita matope azisamutsira ng'ombe m'linalo. Mlimi wochita zimenezi sawerama kawirikawiri pansi pa ng'ombe, ndipo chimenecho ndicho chitetezo choyamba cha nthiti zake.

Musanakhudze ng'ombe yotsimphina, yambani mwaima patali ndi kuyang'ana. Iyendetseni pang'ono pamalo ouma, muone mwendo umene ikuusungira. Ngati yotsimphina ndi imodzi, mwendo ndi umodzi, ndipo m'kamwa muli bwinobwino, imeneyo ndi ntchito ya pakhomo. Koma ngati zatsimphina zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, dovu likulendewera ngati ulusi, palilime, m'nkhama, kumawere kapena pakati pa ziboda pali matuza, bwezani mpeni m'thumba. Amenewo angakhale matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene pa Chipwitikizi amati febre aftosa.

Matendawa kawirikawiri sagwira munthu, koma munthu ndiye amawanyamula: kunsapato, m'manja, pachingwe, pampeni, kumatayala a ngolo. Mitundu yakale ya kachirombo kake kuno kum'mwera kwa Africa imasungidwa ndi njati. Koma kuyambira 2018 mtundu wina wotchedwa O, wochokera kum'mawa kwa Africa, udafalikira m'Zambia, ndipo mu 2022 udapezeka ku Malawi ndi kuno ku Moçambique. Ife a m'malire, amene ng'ombe zathu zina zimabwera podzera njira zachidule, sitingati izi n'za kutali. Mukaona zizindikiro zimenezi kaneneni kwa mlangizi wa ziweto kapena ku ofesi ya SDAE. Ng'ombe zisatuluke m'dera, zisagulitsidwe, ndipo katswiri wa m'mudzi uja amene amaitanidwa khola ndi khola ayambe wakhala kwawo, iye pamodzi ndi mpeni wake.

Theche la ng'ombe lili ndi njira yake

Maso a ng'ombe ali m'mbali mwa mutu, motero imaona pafupifupi kuzungulira konse, kupatula kumbuyo kwenikweni, kumchira. Munthu wotulukira kumeneko mwakachetechete n'kugwira mwendo, kwa ng'ombeyo ndi fisi. Ndipo theche lake silifanana ndi la bulu. Bulu amaponya molunjika kumbuyo. Ng'ombe imakweza mwendo chakutsogolo, n'kuuzunguza kumbali, n'kumalizira kumbuyo, monga m'mene munthu amachitira ndi chikwakwa. Choncho amene waima pambali pa ntchafu, phazi limodzi kapena awiri kuchoka pa ng'ombe, akudziona ngati wochenjera, ndiye ali pamsewu penipeni pa theche.

Malo abwino oima ndi awiri okha. Ena ndi kutali kumene mwendo sungafike. Enawo ndi pafupi kwenikweni, phewa lanu litachita kugunda ntchafu yake. Ambiri sakhulupirira zimenezi, koma pafupi chotero mwendo ulibe mpata wotenga liwiro, umangokukankhani. Ndi kumapeto kwa ulendo wake kumene umathyola fupa. Yambirani kuphewa, kumene ikukuonani. Ilankhuleni, itchuleni dzina. Dzanja lanu litsate msana, litsike ndi ntchafu mpaka kuphazi osachoka pathupi, kuti izidziwa pamene muli. Ndipo musagwade kapena kukhala pansi. Nyonyomalani, kuti chikachitika chilichonse mudumphe. Kuphazi kukhale jombo; patapata ndi nkhwayira zisiyeni pakhonde.

Mayi Temple Grandin, mphunzitsi wa za ziweto pa yunivesite ya Colorado State ku America, amaphunzitsa kuti ng'ombe ikadzidzimutsidwa imatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti mtima wake ukhale pansi. Amaphunzitsanso kuti ukaima kumbuyo kwa phewa lake imapita kutsogolo, ukaima kutsogolo kwa phewa imabwerera m'mbuyo. Abusa athu zimenezi amazidziwa osawerenga buku. Amene amaziiwala ndi eni ng'ombe akakhala pa changu. Ngati mwaithamangitsa pofuna kuigwira, isiyeni kaye ipume. Inzake ya m'goli ikhale pafupi, chifukwa ng'ombe ikapatulidwa yokha imachita mantha. Ntchitoyi njam'mawa kusanatenthe.

Nanga ife timachita bwanji? Amuna anayi kapena asanu, wina kunyanga, wina kumchira, wina wanyamula chikoti, agalu akuuwa, ana akukuwa. Nthawi zina ntchito imayamba anthu atalawako kachasu, amati n'kulimbitsa mtima. Ndipo chingwe cha kumwendo, chimene chili choopsa koposa zonse, amapatsa mnyamata wa zaka 12, chifukwa chakuti ndiye mbusa ndipo ng'ombe imamudziwa. Ichi ine ndikuchikana poyera. Ng'ombe imamudziwadi, koma ng'ombe imene ikumva ululu sidziwa munthu. Mwana wolemera makilo 30 sangalimbane ndi mwendo wa chinyama cha makilo 300, ndipo mutu wake uli pa msinkhu womwewo umene theche limadutsa. Ana ndi agalu akhale kunja kwa mpanda, kachasu adikire ntchito ithe.

Za chingwe pali lamulo limodzi loposa onse: osachikulunga padzanja, pamkono kapena m'chiuno. Ng'ombe ikatakasa mwendo chingwecho chimathina nthawi yomweyo, chimasenda khungu, chimathyola zala, ndipo chala chachikulu chimatha kuduka. Chizungulizeni kawiri pa mtengo, inu mungogwira nsonga, kuti mtengowo ndiwo uzilimbana ndi ng'ombe. Mfundo ikhale yomasuka ndi kukoka kamodzi, ndipo mpeni wodulira chingwe ukhale pamalo podziwika. Nayiloni wopyapyala amacheka ng'ombe ndi munthu yemwe. Chabwino ndi chingwe chofewa chonenepa ngati chala, kapena lamba wachikopa.

Kampanda ka mitengo

Chida chimene chimathetsa ambiri mwa mavuto amenewa sichigulidwa kusitolo. Ndi kampanda kopapatiza ka mitengo, kamene alangizi amati corredor de tratamento. M'kati mwake mukhale masentimita 60 mpaka 70, kuti ng'ombe ilowe koma isatembenuke. Msinkhu wake mita imodzi ndi theka. Nsichi zikhale za mtengo wosadyedwa msanga ndi chiswe, monga muwanga, zokumbiridwa pansi masentimita 60 kapena kuposa. Kutsogolo kukhale mitengo iwiri yopanira khosi, kumbuyo mtengo wopingasa woletsa ng'ombe kubwerera, ndipo pamwamba, molunjika ndi chiuno cha ng'ombe, mtanda wolimba woponyapo chingwe. Mitengo yam'munsi ya m'mbali ikhale yosolola, kuti mupeze mpata wofikira kuphazi. Pansi pakhale pouma, posaterera.

Ndi ntchito ya masiku ochepa m'chilimwe, fodya atagulitsidwa, anthu ali ndi mpata. Mutu umodzi susenza denga: eni makola oyandikana amange kamodzi, kawathandizenso pa katemera, popopera nkhupakupa ndi pofula ng'ombe. Nthawi ya febre aftosa yokha ndiyo yosayenera kusakaniziramo ng'ombe za makola osiyana. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mlimi amamanga chigafa cha fodya chaka ndi chaka osadandaula mitengo, koma kampanda kameneka amati mawa, mpaka tsiku limene ng'ombe yatsimphina mvula ili pamutu.

Ng'ombe ikalowa, mangani mutu kaye, chifukwa nyanga imafika kutali kuposa m'mene munthu amaganizira. Pokweza mwendo wakumbuyo, mangani chingwe pamwamba pa bondo lija loloza kumbuyo, chiponyeni pa mtanda, mnzanu akoke pang'onopang'ono ndi kuchizunguliza pa nsichi. Wina agwire mchira patsinde n'kuuimika molunjika chakumsana. Ng'ombe yogwidwa motero imachepetsa theche. Kuuimika, osati kuupotoza, chifukwa mchira wopotozedwa umathyoka. Phazi likakwera, litsamiritseni pa chipika kapena limangirireni ku mtengo kuti lisamagwedezeke. Wakutsogolo ndi wosavuta: chingwe pamwamba pa chiboda, chidutse pamsana kuseri kwa linunda, mnzanu agwire mbali inayo. Ng'ombe ikayamba kulefuka ngati ikufuna kugwa, tsitsani mwendo ipume, mudzayambenso.

Kampandako nako kali ndi misampha yake. Mkono wolowetsedwa pakati pa mitengo iwiri, ng'ombe ikasuntha, umathyoka ngati nzimbe. Mtengo wopingasa uja, ukalowa theka lokha ng'ombe n'kubwerera m'mbuyo, nsonga yake imakwapula munthu pamimba kapena kumaso. Ulowetseni msanga mpaka utulukire mbali inayo, thupi lanu lili kutali ndi nsongayo. Ndipo munthu asalowe m'kati pamodzi ndi ng'ombe, ngakhale ikhale yofatsa bwanji.

Mpeni ukhale womalizira

Phazi likakhazikika, litsukeni ndi madzi a sopo kapena a mchere, mudutsitse kansalu pakati pa zala ziwiri zija. Nthawi zambiri chimene mudzapeze ndi munga, kamwala kapena nkhupakupa. Zulani ndi chopanira, tsukaninso, ntchito yatha. Ng'ombe ikhale pouma masiku angapo, osaimanga m'goli.

Kudula chiboda ndi nkhani ina. Chiboda chimakula mamilimita pafupifupi 5 pamwezi. Njira yodulira imene imaphunzitsidwa m'maiko ambiri idakonzedwa ndi dokotala wa ziweto wa ku Netherlands, E. Toussaint Raven. Imati khoma lakutsogolo la chiboda, kuchokera pamene pathera ubweya kufika kunsonga, likhale masentimita 7.5, ndipo chopondera cha pansi chitsale chochindikala mamilimita 5 mpaka 7. Komatu muyeso umenewo ndi wa ng'ombe zamkaka zikuluzikulu zokhala m'nyumba. Zathu za mtundu wa Angoni ndi zina zofanana nazo ndi zazing'ono, ndipo zimayenda m'miyala ndi m'misewu ya ngolo, mwakuti ziboda zimadzipala zokha. Ng'ombe imene yakoka mabelo a fodya kapena matumba a chimanga pa msewu wa miyala, kawirikawiri vuto lake ndi chiboda chotha, osati chotalika. Kuidulanso yoteroyo n'kuipundula. Mankhwala ake ndi kupuma.

Yofunika kudula ndi ng'ombe yokalamba, kapena imene idadwala nthawi yaitali osayenda, chiboda n'kupindika ngati nsonga ya bwato. Mpeni ukhale wakuthwa, chigwiriro chake chouma. Mpeni wobuntha ndiwo umavulaza, chifukwa umafuna mphamvu, ndipo ukaterereka umathera m'ntchafu ya mwini wake. Sendani pang'onopang'ono ngati mbatata, mpeni ukuloza kutali ndi thupi lanu, dzanja logwira chiboda lili kumbuyo kwa mpeniwo. Muzidinikiza ndi chala chachikulu: pakayamba kufewa, kapena pakaoneka kufiira, lekani, mwafika pamoyo. Malizani ndi tupa. Chikwanje ndi sompho ndi za mitengo. Ndipo ngati kutupa kwakwera mpaka pamwamba pa chiboda, kapena mafinya akutuluka pamene pathera ubweya, matenda alowa m'kati. Musakumbe ndi mpeni, itanani mlangizi.

Chiboda choola chimamva jekeseni ya oxytetracycline ikabayidwa msanga. Muyeso wake umatsata kulemera kwa ng'ombe, ndipo mlangizi ndiye akuuzeni. Werengani pabotolo masiku oyenera kudikira musanamwe mkaka wake kapena kuipha. Ibayeni ili m'kampanda, ndipo singano musaiike m'thumba la buluku kapena kuivundukula ndi mano. Poviika mapazi, alangizi amagwiritsa ntchito sulfato de cobre, magalamu 500 m'malita 10 a madzi, kapena sulfato de zinco, kilogalamu 1 m'malita 10. Valani magolovesi, kapena jumbo m'manja ngati mulibe. Ng'ombe isamwe madziwo, ndipo otsala asatayidwe kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Formalina asiyireni odziwa, nthunzi yake imaotcha maso ndi mapapo.

Palinso mankhwala a kuseri kwa nyumba: asidi wa batire, oyilo wakuda wa injini, mankhwala a dibi osasungunula, mankhwala opopera fodya kapena thonje. Amene amathira zimenezi pabala amati zimapha mphutsi. Zimaphadi, koma zimaotcha ndi mnofu womwe umene umayenera kupola, ng'ombe imaponya theche ndi ululu munthu ali chiweramire, ndipo poizoni wina amalowa pakhungu la wothirayo.

Pamene kampanda palibe

Kugwetsa ng'ombe kukhale kosowa pogwira. Ngati sikulephereka, sankhani malo a mchenga kapena a udzu, opanda zitsa ndi miyala. Ng'ombe igone ndi njala usiku umenewo. Pafunika chingwe cha mamita 10 mpaka 12. Chimangeni kunyanga, chizungulizeni thupi kuseri kwa miyendo yakutsogolo n'kuchikoloweka pamsana, chizungulizeninso patsogolo pa chiuno, mosamala kuti chisapane chokodzera kapena bere. Mmodzi agwire kumutu ndi chingwe china, awiri akoke nsonga molunjika kumbuyo, ali kutali. Akakoka mosalekeza ng'ombe imapinda miyendo yokha n'kugona, popanda kuikwakwaza kapena kuipotoza khosi. Ng'ombe ya bere lalikulu isagwetsedwe konse.

Igonere kudzanja lamanja, kuti mbali yamanzere, kumene kuli chifu chachikulu, ikhale pamwamba muziiona. Ng'ombe imageya mpweya nthawi zonse, koma ikagona chammbali mpweyawo umalephera kutuluka, mimba imafufuma ngati ng'oma, ndipo imatha kufera m'manja mwanu chiboda chisanathe. Choncho zida zonse zikhale pafupi musanaigwetse, ndipo theka la ola lisakwane ili pansi. Mimba ikayamba kufufuma, masulani. Pansi pa phewa ikanipo thumba la udzu, mwendo wapansiwo muukokere kutsogolo, apo ayi mtsempha umapanika ng'ombe n'kudzuka ikukoka mwendo umene udali bwino. Miyendo yonse imangidwe musanayandikire, ndipo muziifikira kumsana, osaima pakati pa miyendo. Pomasula, wa kumutu ndiye womaliza kusiya, anzake onse atachoka kale.

Ngozi ikachitika

Bala laling'ono la mpeni kapena la waya, lochitikira m'khola, lisapeputsidwe. Kachirombo ka kafumbata kamakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo kamakonda bala lakuya lopapatiza. Zizindikiro zimabwera pakati pa masiku 3 ndi 21: nsagwada kuuma, khosi kuuma, thupi kukokana. Ana ndi amayi oyembekezera amalandira katemera wa kafumbata kusikelo, koma abambo ambiri ogwira ng'ombe sadabayitsepo chikulire. Tsukani balalo nthawi yomweyo ndi madzi ambiri ndi sopo, osaikapo dothi, ndowe kapena phulusa, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukanene kuti mwavulalira m'khola.

Theche la pamimba kapena pansi pa nthiti ndilo lonyenga. Munthu amadzuka, n'kudzisansa fumbi, anzake n'kumuseka, iye n'kupitiriza ntchito. Koma kapamba kapena chiwindi chikang'ambika, magazi amatayikira m'kati osaoneka. Akayamba chizungulire, ludzu, thukuta lozizira, m'maso kuyera, kapena mimba kulimba ngati thabwa, musadikire kuti kuche. Musamupatse chakudya kapena mowa. Funani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo, chifukwa ameneyo afunika kumene kuli opaleshoni, ndipo kwa ife kumeneko n'kutali. N'chimodzimodzi amene wamenyedwa kumutu n'kuyamba kusanza kapena kuodzera. Fupa lothyoka limangidwe ndi timitengo tiwiri monga m'mene lilili, osalikoka.

Za mbuzi tinene mwachidule. Ziboda zake zimakula n'kupindikira pansi, makamaka mbuzi zomangidwa pachingwe m'dzinja, ndipo matope amabisala m'mapindiko amenewo. Munthu mmodzi agwire mutu, wina akweze phazi ndi kudula chopindikacho mpaka chilingane ndi chopondera. Mbuzi singakuthyoleni nthiti, koma nyanga yake ili pa msinkhu wa diso la munthu wowerama. Bulu yekha musamudutse kumbuyo.

Ng'ombe yosavuta kukweza mwendo imakonzedwa ikadali thole. Thole la miyezi iwiri silingavulaze munthu kwambiri. Mbusa azilisisita miyendo, azikweza phazi lililonse pang'ono, kugogoda chiboda ndi kamtengo, n'kuliika pansi lisanayambe kulimbana. Aziliyendetsa m'kampanda masiku ena popanda jekeseni kapena mpeni, potuluka likapeze madeya kapena mchere. Imeneyi ndiyo ntchito yoyenera mnyamata wa zaka 12 uja. Thole lozolowera chotero, likadzafika zaka 3 n'kulowa m'goli, munthu mmodzi ndi chingwe chimodzi amalikweza mwendo, mnzake atangoima kumutu ndi madeya m'lichero.